ZA NKHOKWE YA ZAKUDYA ZA ZIWETO IKATSEKEKA

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa Bungwe ndi mmodzi wa ife, mlembi wa pa famu

Mutu wanga uoneka waung'ono pakati pa nkhani zikuluzikulu zimene tizolowera kukamba muno, koma ana athu ambiri ali pa nchito m'mafamu a nkhuku ndi nkhumba, kuno kwathu ndi ku South Africa komwe, ndipo ine ndinatsala pang'ono kufafaniza dzina la mmodzi wa iwo m'buku la malipiro cifukwa ca imfa.

Nkhokwe imene ndinena si ija ya nsungwi imene timatamo cimanga kumudzi. Iyi nja citsulo, yaitali, yoima pa miyendo, ndipo kunsi kwace nkosongoka ngati fanelo. Zakudya azithirira pamwamba, naziturutsira pansi, pena pa kakhomo kotsegula ndi dzanja, pena ndi citsulo copota cimene cizungulira ndi magetsi. Madeya akakhala ouma, atsika okha monga mcenga. Koma usana malata atentha, usiku azizira, ndipo m'kati mucita thukuta. Mvula nayo ilowera pa cibvundikiro cosatseka bwino. Tsono madeya, amene ali osalala ndi amafuta, agwirana nauma ngati ciumbwa. Za pansi zituruka, za pamwamba zitsala lende, zitagwira ku malata mbali zonse monga denga, ndipo kunsi kwace kuli phanga lopanda kanthu. Wosuzumira pamwamba aona nkhokwe yodzala, nayesa kuti pali poponda.

Pa famu pamene ndigwira nchito cinacitika ndi ici. M'mwezi wa February, mvula itagwa masiku ambiri, zakudya zinaleka kuturuka m'mamawa. Nkhumba zanjala zirira moti munthu sangathe kuganiza bwino, ndipo kapitao wathu, munthu wabwino ndithu koma wa phuma, anauza mnyamata wina kuti akwere ndi khasu akagumule. Mnyamatayo anakwera, nalowa, naponda. Denga lija linagumuka, iye nagwera m'phangamo, madeya namkwirira kufikira m'cifuwa. Mwai wace unali wakuti tsiku limenelo magetsi anali atazima, ndipo citsulo ca pansi sicinali kuzungulira.

Anzace anathamanga kuti amkoke manja, koma sanasunthe konse, angolira kuti mundithyola. Wina anati titsegule pansi kuti madeya acepe, ndipo tikadamvera mau amenewo tikadamupha, pakuti zoturuka pansi zikoka ciri conse ca pamwamba pace. Nkhalamba ina yoweta ng'ombe ndiyo inatilangiza. Tinammanga cingwe m'khwapa kuti asamire koposa, anthu 2 omangidwanso zingwe anatsika nagona pa matabwa, nazika matabwa ena momzinga ngati mpanda, natapa madeya a m'kati mwa mpandawo ndi zitini. Anaturuka dzuwa liri pamutu, miyendo itacita dzanzi. Munthu wokwiririka m'cifuwa, akaturutsa mpweya madeya amfinya, ndipo sapezanso malo akuukokera. Ndico cace aliyense woyenda pafupi naye amuonjezera tsoka.

Musayese kuti ici ndi cibwana ca ife tokha. Ku America, pa mudzi wa Mount Carroll m'dziko la Illinois, m'mwezi wa July 2010, anyamata analowetsedwa m'nkhokwe yaikuru ya cimanga kuti aziponda cogwirana pamene makina anali kuturutsa pansi. Awiri anafa, wina wa zaka 14, wina wa zaka 19. Wacitatu anampulumutsa patapita maora ngati 6. Akuru oyang'anira za ngozi za pa nchito kumeneko anena kuti m'cimanga coyenda munthu agwidwa miyendo pa masekondi 4 kapena 5, ndipo pa masekondi 22 amira yense. Nthawi imeneyo siikwana ngakhale kuthamangira kumene azimira magetsi.

Nanga ikatsekeka ticite ciani? Poyamba zimani makina, mukhome loko pa bokosi la magetsi, ndipo mfungulo ikhale m'thumba la iye amene agwira nchitoyo, si la kapitao ai. Ndinena ici kawiri cifukwa munthu wabwino amene sadziwa kuti mnzace ali pamwamba ndiye ayatsa. Atatero, amenye fanelo lija kunja ndi nyundo ya mphira, kuyambira kunsi, mozungulira. Nyundo ya citsulo iphwanyiriza malata, ndipo m'zigodi zimene isiya ndimo madeya adzagwirira mawa. Ndaona nkhokwe zambiri za zipsera ngati mphika wa mbeta, eni ace nadabwa kuti zitsekeka sabata ndi sabata.

Ikakana nyundo, akwere munthu pa makwerero, atadzimanga cingwe, mnzace ali pansi kumpenya, ndipo abaye dengalo ndi nsungwi yaitali yowuma ali kunja, osalowetsa mwendo ngakhale umodzi. Ayambe wayang'ana kumwamba ngati pali mawaya a magetsi. Wobaya kucokera pa kakhomo ka pansi aime cam'mbali, pakuti zikamasuka zigwa zonse pamodzi. Amange nsaru kukamwa ndi kumphuno, popeza pfumbi la cuku lidwalitsa cifuwa. Nchito imeneyi itha kudya m'mawa wonse. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nkhumba siifa ndi njala ya tsiku limodzi. Zipatseni za m'matumba zileke phokoso.

Cotsala ndi zibuma zimene zaturukazo. Mwini famu aziyang'ana naona ndalama, ndipo ine monga mlembi ndidziwa kuwawa kwace kwa kulemba kuti zatayidwa. Komatu zocita cuku zisapite ku khola, kapena kugulitsidwa kwa amai oweta nkhuku kumudzi. Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 cifukwa ca zakudya za mtedza wa cuku wocokera ku Brazil, ndipo pamenepo ndi pamene anadziwira ululu uja auchula aflatoxin. Ululu womwewo unapha anthu 125 ku Kenya mu 2004, atadya cimanga cosungidwa cosauma. Ng'ombe ikaudya, upyola kufikira mumkaka umene timwetsa ana. Zikwirireni m'dzenje lakuya, musese nkhokwe iri yopanda kanthu, mumate pobooka, ndipo nyengo ya dzinja musadzazemo zambiri zokhalitsa.

A Pampando, mnyamata uja sanakane kukwera cifukwa anaopa kucotsedwa nchito, ndipo kwao adya za m'dzanja lace. Cifukwa cace ndipempha kuti Bungwe lino lilembe kalata kwa eni mafamu a m'boma lathu, yowapempha kuti agule loko, cingwe ndi nyundo ya mphira pa nkhokwe iri yonse, ndi kuti wanchito wokana kulowamo asadulidwe malipiro. Ngati msonkhano ubvomera, ine ndidzailemba ndi kubwera nayo pa tsiku la msonkhano wa mwezi wa mawa kuti muimve isanatumizidwe.