Msonkho wa nyumba sunathe, unangolowa m'thumba la feteleza

 Awa ndi mawu amene tinayankhula pa mkumano wa Loweruka lapitali. Tawalemba chifukwa ambiri mwadandaula kuti bandulo inakutherani voice note isanatseguke.

Funso limene latifika kwambiri sabata ino ndi ili: "Inuyo mukamati mukukana chitukuko, ndiye kuti tibwerere kovala nyanda?" Wina mpaka anati tiyambe tataya mafoni athuwa tisanatsegule pakamwa. Funsoli ndi labwino ndipo sitilizemba, koma tiloleni tiyambire patali pang'ono.

Atsamunda atakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1890 anakumana ndi vuto limodzi. Agogo athu analibe chifukwa chokagwirira ntchito m'munda wa mzungu. Chakudya chinali m'nkhokwe, makasu ankasula okha, mchere ankaphika ku Chilwa, ku chigwa cha Shire ankaomba nsalu ndi thonje lawolawo. Munthu wokhuta sumulemba ganyu. Ndiye boma la Harry Johnston linabweretsa msonkho wa nyumba. Patapita zaka zochepa anaukonza mochenjera: amene wagwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankalipira theka lokha. Mwaona pamenepo? Anayamba apanga kaye kusowa, kenako n'kubwera ngati mpulumutsi wogawa ntchito.

Ndipo taonani zimene anachita ndi mawu. Thangata anali mawu abwino, kuthandizana kulima pamudzi. Anawatenga n'kuwasandutsa dzina la ntchito yokakamiza pa esiteti. Ndi thangata ameneyu, wa ku Magomero, amene anadzutsa John Chilembwe mu January 1915. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa K2,000 imene sikwana ndi paketi ya shuga yomwe. Ife tikuti zimene zinachitikira mawu oti thangata zachitikiranso mawu oti chitukuko.

Tiyeni tipite kumunda. Chimanga cha makolo, chija cholimba pokonola, chija anankafumbwe amachita nacho ulesi, agogo ankasankha ngala zabwino n'kuzipachika pamwamba pa moto m'khitchini. Chaka chamawa mbewu ilipo, osapereka tambala. Mbewu ya haibulidi imabereka kwambiri, zimenezo sitikana. Koma ukaibwereza zokolola zimatsika, ndiye chaka chilichonse ubwerere kusitolo. Ndipo payokha siyenda, imafuna feteleza. Fetelezayo sitipanga ife. Urea amapangidwa ndi gasi kumayiko akutali, amabwera pa sitima mpaka ku Beira kapena ku Nacala, ndipo amagulidwa ndi dola. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu 2022, mayi wa ku Ntchisi amene sadziwa n'komwe kuti Ukraine ili mbali iti anaimva m'thumba mwake. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mwezi womwewo umene IMF inavomereza ngongole yatsopano. Thumba limodzi linadutsa K100,000.

Nanga dolayo timaipeza bwanji? Fodya. Tilime fodya kuti tipeze dola, dola tigulire feteleza, feteleza tithire fodya. Mitengo ithere m'zigafa ndi m'mabani, nthaka iguge, chaka chamawa ifune matumba awiri pamene ankathira limodzi. Ku okushoni mtengo amatchula ndi wogula. Boma lililonse kuyambira sabuside ya Bingu mu 2005 mpaka AIP ya 2020 lapikisana pa chinthu chimodzi basi, ndani apereke makuponi ambiri. Palibe amene anaimirira pa msonkhano n'kufunsa kuti kodi unyolowu tiudula liti. Uwu ndiye msonkho wa nyumba wa masiku ano, ndipo wokhometsa wake safunikanso kuyenda ndi asilikali.

Fodya akalephera kubweretsa dola yokwanira, chotsala kugulitsa ndi ifeyo. Azigogo athu anapita ku Joni ndi Wenela kukakumba golide amene sanamuvalepo. Kumapeto kwa 2023 anzathu mazanamazana anakwezedwa ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili m'kati, akuluakulu n'kumatiuza kuti ndi mwayi. Amene anapitawo sitikuwanyoza ayi, ambirife tikanapatsidwa mpata tikanakwera nawo. Tikufunsa za dziko limene mnyamata wamphamvu zake angathirire munda wa mwini kuchipululu koma wa kwawo osakwanitsa kuulima.

Pamwamba pa zonsezi, utsi wa mafakitale amene sitinamange ukutigwera ife. Freddy mu March 2023 anakokolola Chilobwe, Phalombe, Mulanje, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa mpaka lero. Ambiri a iwo analibe galimoto, analibe ndi magetsi omwe.

Ndiye akamati Malawi watsalira m'mbuyo, ife tikufunsa kuti m'mbuyo mwa ndani, ndipo akutsogolowo akupita kuti? Maganizo akuti mitundu yonse ili pa msewu umodzi, London kutsogolo, Nsanje kumchira, ndi amene tikuwakana kuchokera ku mizu. Kuti aliyense padziko azidya ndi kutaya ngati wa ku America, dziko limodzili silingakwane. Mpikisanowu kuti ena apambane pamafunika ena okhala ogulitsa thonje losaomba n'kumavala kaunjika. Thomas Sankara anaziona zimenezi ku Burkina Faso, analimbikitsa anthu ake kuvala nsalu yoombedwa kwawo, ndipo mu July 1987 ku Addis Ababa anapempha mayiko a Africa kukana ngongole limodzi. October wa chaka chomwecho anaphedwa.

Tsono za mafoni zija. Inde, uthengawu ukuyenda pa WhatsApp, pa foni yopangidwa ku China. Ifenso tili m'kati mwa khoka, sitikunamizani. Ndipo zakale sizinali zokoma zonse: njala ya 1949 inapha anthu, ana ankafa ndi chikuku, ndipo katemera palibe pakati pathu amene akumukana. Muyeso wathu ndi umodzi. Chinthu chikabwera, tifunse kuti mawa mwini wake akatseka dzanja, tidya? Njinga ikawonongeka timakonza pansi pa mtengo wa mango. Munda umene sungabereke popanda sitima ya ku Beira suli m'manja mwathu.

Wina anena kuti chimanga cha makolo chokha sichingadyetse anthu oposa 20 miliyoni. Mwina akunena zoona, ndipo sitikuuza mayi aliyense kuti chaka chino asathire feteleza ana agone ndi njala. Koma alimi a ku Ekwendeni akhala akusakaniza nandolo, mtedza ndi soya m'minda ya chimanga kuyambira cha m'ma 2000, nthaka n'kumabwerera mwakale pang'onopang'ono. Pansi pa mtengo wa msangu chimanga chimakula bwino popanda kuponi. Mapira, mawere, chinangwa ndi mbatata sizidikira dola.

Mvula isanagwe, aliyense wa ife amene ali ndi kumudzi aimbire agogo kapena azakhali, awafunse mbewu zimene akusungabe ndi mayina ake. Lembani mayinawo, tumizani kwa admin wa gulu lanu pofika Lachisanu. Mkumano wotsatira tibwere ndi mbewu m'mabotolo, tidzasinthane, ndalama isadzatuluke. A m'tauni amene mulibe munda, bwerani ndi mabotolo opanda kanthu otsuka bwino ndi phulusa losefa losungira mbewuzo. Malo ndi nthawi tidzalengeza Lachinayi madzulo m'magulu momwemo.