Liwiro la Sowo ndi Kusalala kwa Bolodi

Inu ana a sukulu ndi amisiri a matabwa a m'boma la Lundazi, lero tikambirana za matabwa opangidwa m'fakitale, amene akalipentala amati bolodi.

Makolo athu anazolowera mlombwa, umene ena amati mukwa, koma mitengo yotere ikusowa. Makabati ambiri tsopano ndi a chipboard kapena MDF. Bolodi zimenezi amazipanga ndi tizidutswa ta mitengo yofewa monga paini, tosakaniza ndi guluu ndi kupanikizidwa potentha. Pamwamba pake mpolimba, koma m'kati ndi mofewerapo. Bolodi imodzi, ya mamita 2.44 m'litali ndi 1.22 m'lifupi, imayenda ulendo wautali kudzera ku Chipata isanafike kwa inu. Kuidula moipa nkutaya ndalama.

Nanga cimene cimasalalitsa m'mphepete mwa bolodi nciani? Ndico kukula kwa kacidutswa kamene dzino liri lonse la sowo limaluma. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Sowo ya makina ya mano 60 ikamazungulira ka 3,000 pa mineti, mano ake amaluma ka 180,000. Mukakankha bolodi mamita 9 pa mineti, dzino liri lonse limacotsa mamilimita 0.05 okha, ndipo podulapo pamasalala. Mukathamangitsa bolodi kawiri kuposa apo, dzino limalumanso kawiri kukula kwake, ndipo khungu la bolodi limayamba kubenthuka. Sowo ya mano ocepa imabenthula cimodzimodzi.

Koma musaganize kuti kucedwetsa ndiko nzeru. Mukakankha pang'onopang'ono kwambiri, mano sadula koma amangokhuza. Bolodi imapserera ndi kuda, sowo nibuntha. Guluu wa m'bolodi amabunthitsanso citsulo msanga, ncifukwa cake amisiri amasankha sowo ya mano a carbide.

Mphepete yokhakhala imamwa penti wambiri, ndipo m'dzinja imamwa cinyezi, bolodi nifufuma. Motero kabati imene ikanakhala zaka imaonongeka msanga.

Tsono musanadule bolodi ya mwini wake, yambani mwayesa pa kacidutswa kotsala. Mverani kulira kwa sowo, ndipo papasani podulapo. Phimbaninso mphuno ndi pakamwa, pakuti fumbi la MDF limaononga mapapo.

Ana inu, nayi nchito yanu: sowo yomweyo ikakhala ya mano 30, dzino liri lonse lidzaluma motani? Mukaonetse aphunzitsi anu yankho. Tsalani bwino.