Ufulu wathu ndi tsiku la pa viza

Tili pa chikondwerero cha ufulu umene dziko lathu linalandira pa 6 Julaye 1964.

Ambiri mwa ife tinafika mu Perth pa viza ya sukulu. Ena ali ku Curtin, ena ku Edith Cowan, ena ku Murdoch, ndipo madzulo timakumana pa shifiti m'nyumba zosamalira okalamba. Koma kukhala kwathu kuno kuli ndi tsiku lotha, ndipo tsikulo limakhudza banja lonse.

Viza ya subclass 500 siwonjezeredwa masiku. Ikamatha maphunziro asanathe, timapempha yatsopano ku Department of Home Affairs yakaleyo isanathe. Tikatero timapatsidwa Bridging visa A yodikirira yankho. Koma tisamale: viza imeneyi sitilola kutuluka n'kubweranso. Kukagwa zovuta kumudzi, tiyambe tapempha Bridging visa B tisanagule tikiti.

Ndalama nazo tizikonzeratu. Mu Julaye 2024 mtengo wopemphera unakwera kuchoka pa madola 710 kufika pa 1,600, ndipo mu Julaye 2025 unafika pa 2,000. Pamwamba pake pali fizi, inshuwalansi ya kuchipatala ya OSHC ndi kalata ya kusukulu ya CoE.

Ife anamwino timadziwa kukoma kwa shifiti yoonjezera pamene lendi yatikwana, kwinaku kumudzi akudikira. Komabe mu Julaye 2023 boma linaika malire a maola 48 pa masabata awiri sukulu ikakhala yotsegula. Kupyola pamenepo kungathetse viza, zaka zonse zokhetsa thukuta n'kupita padera.

Pasipoti nayo tiziyiyang'ana. Tikukumbuka kuti kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwathu kwa masabata angapo. Wodikira mwezi womaliza amagona tulo tochepa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Manyazi asatitsekere pakamwa. Tifunse ku ofesi ya ophunzira akunja pasukulu pathu, kapena kwa mlangizi wolembetsedwa ku OMARA, osadalira za mnzathu amene anapempha kalekale malamulo asanasinthe.

Pempho lathu ndi limodzi. Tikafika kunyumba usiku uno, tione tsiku lotha viza pa VEVO, tililembe pa kalendala, ndipo tikumbutsenso mnzathu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Mulungu adalitse Malawi.