Magetsi a m'Cipeso

Madzulo ano tikambe za phunziro limene ambiri a ife timalilumpha ponena kuti sukulu yathu ilibe zipangizo, ndilo la magetsi okhazikika, amene sayenda m'waya koma akhala pa cinthu copukutidwa.

Zipangizo muli nazo kale. Mwana apese tsitsi lace louma, losadzola mafuta, ndi cipeso ca pulasitiki, ndipo aciyandikize ku tizidutswa ta pepala. Timapepalato tidzalumpha ndi kumamatira ku cipeso. Musafulumire kumasulira ai. Alekeni ana ayambe adabwa. Pambuyo pace boolani citini pansi kuti madzi atsike ngati ulusi, ndipo poyandikiza cipeso cija adzaona madziwo alikupindikira kwa ico.

Agriki akale anaona zomwezi pa utomoni wouma wa mitengo yakalekale, umene anaucha elektron. M'caka ca 1600 William Gilbert, sing'anga wa ku England, analemba kuti galasi ndi zinthu zina zambiri zicita cimodzimodzi.

Tsopano dulani timizere tiwiri ta thumba la pulasitiki, mutigwire pamodzi kumwamba, ndi kutipukuta ndi nsalu yaubweya. Tidzatalikirana ngati tadana. Apa mpamene pali mtima wa phunziro: magetsi ameneŵa ali a mitundu iwiri, monga anapeza Charles du Fay mu 1733, ndipo Benjamin Franklin anaicha positive ndi negative. Ofanana akankhana, osiyana akokana. Popesa paja sitilenga kanthu katsopano. Tinthu tating'onoting'ono tochedwa maelekitironi, timene J. J. Thomson anatipeza mu 1897, ticoka m'tsitsi ndi kuunjikana pa cipeso. Cipeso cisanduka negative, tsitsi litsala positive. Mwana wocenjera adzafunsa kuti, nanga pepala likokedwa bwanji popeza silinapukutidwe? Mumyamikire mwana ameneyo. Yankho ndi ili: cipeso cikankhira maelekitironi a m'pepala kumbali yakutali, ndipo mbali yapafupi, yotsala positive, ndiyo ikokedwa.

Koma samalani nyengo. Ine ndili mphunzitsi wacinyamata ndinayesa zimenezi mwezi wa January, mvula itagwa usiku wonse. Ndinapukuta cipeso kufikira thukuta, pepala osagwedezeka konse, ndipo ana anaseka naganiza kuti za m'buku nzabodza. Cinyezi ndico cinali kucotsa magetsiwo asanaunjikane. Phunziro ili nlacilimwe, makamaka August ndi September, pamene ngakhale bulangete lithetheka mumdima.

Kuthetheka kumeneko ndi mphezi yaing'ono. M'mitambo ya mvula magetsi aunjikana motero, kufikira alumpha kunka ku mtambo wina kapena pansi. Mwana amene wamvetsa ici sadzafulumira kuloza nkhalamba ya m'mudzi cala pamene mphezi yatentha nyumba. Mukawauza za Franklin ndi kaiti yace ya mu 1752, muwauzenso kuti caka cotsatira Georg Richmann anaphedwa ndi mphezi ku St Petersburg poyesa zofanana nazo. Zimenezo asayese ndi pang'ono pomwe, ndipo mvula yamabingu ikawapeza panjira asabisale patsinde pa mtengo woima wokha.

Tsalani bwino.