Kusamala Galimoto ya Hybrid M'misewu Yathu

Awa ndi mawu amene mnzathu wina wa Folomu 4 ya 1998, yemwe akugwira ntchito m'boma ku Capital Hill, analankhula pa msonkhano wa ophunzira akale a Chipasula. Tawasindikiza monga anawalankhulira.



Pamene a Mlembi anandipempha kuti ndidzalankhule za galimoto, ndinaseka ndekha. Ambiri a inu mukundikumbuka ndikubwera kusukulu kuno wapansi kuchokera ku Kawale, nsapato zitafiira ndi fumbi, ndipo kawirikawiri belu litalira kale. Ine sindine makaniko ayi. Ku Chancellor College ndinaphunzira za chuma, ndipo ntchito yanga ndi ya mapepala. Chandiimiritsa pano n'chakuti ndakhala ndikuyendetsa Toyota Aqua kuyambira m'chaka cha 2019, ndipo zimene ndikuuzeni lero ndinaziphunzira molipira. Panja apa ndaona galimoto za mtundu womwewu zingapo, kotero ndikufuna kuti inu musalipire sukulu imene ndinalipira ine.

Ndiyambe ndi kufotokoza kuti hybrid n'chiyani. Iyi ndi galimoto imene ili ndi injini ya petulo pamodzi ndi mota yamagetsi, ndipo ziwirizi zimalandirana ntchito. Ponyamuka ndi poyenda pang'onopang'ono imakoka ndi mota. Liwiro likakwera kapena mukafika pa chitunda, injini imadzuka yokha. Mukaponda mabuleki, mota ija imasanduka jenereta n'kubwezera mphamvu m'batire. Motero simulumikiza ku magetsi a ESCOM, batire limadzitchaja lokha galimoto ikamayenda. Luso limeneli si latsopano kweni-kweni. Toyota Prius inayamba kugulitsidwa ku Japan mu Disembala 1997, ife tili pano tikulimbana ndi Physical Science. Aqua inatuluka mu Disembala 2011. Zambiri zimene timagula kuno ndi zoti zayenda kale ku Japan, zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe.

Yanga ndinaigula ndi ngongole. Zaka zoyamba ndinasangalala nayo kwambiri. M'tauni muno lita imodzi inkandiyendetsa makilomita oposa 20, pamene galimoto yanga yakale inkavutika kufika 12. Mafuta atasowa m'chaka cha 2022, anzanga ankagona pa mzere kawiri pa sabata, ine ndikathira kamodzi ndinkapuma masiku ambiri. Ndinayamba kudzitama. Ndinkangosintha oilo basi, zina zonse sindinkazilabadira.

Mu Okutobala 2023, dzuwa likuswa mtengo, ndikuchokera ku Area 25, pa dashibodi panayaka nyali zochenjeza ndipo galimoto inafooka. Makaniko wodziwa za hybrid ataipima ndi kompyuta, anatsegula pansi pa mpando wakumbuyo n'kundiitana kuti ndidzaone ndekha. Batire lalikulu la Aqua limakhala pamenepo, ndipo lili ndi kafani kolizizira, kamene kamakoka mpweya kudzera pa kazenera kakang'ono m'munsi mwa mpandowo. Kazenerako ndinali nditakatseka ndi nsalu zokutira mipando zimene ndinasoketsa, ndipo kafaniko kanali katadzaza fumbi ndi ubweya wa mabulangete. Batire linakhala likupsa kwa zaka ine osadziwa. Ndili mkati mofunafuna ndalama, mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mtengo wa batire lina n'kukwera ndikuona. Ndalama imene ndinalipira ikanakwana fizi ya mwana wanga ya chaka chonse, ndipo ngongole ya galimoto ndinali ndisanamalize. Zonse zimene ndinapulumutsa pa mafuta zinathera pomwepo. Akulu anati walira mvula walira matope.

Tsono mfundo yanga ndi imodzi. Hybrid imasungadi mafuta, koma phindu lonselo lagona pa batire lalikulu. Batirelo limadana ndi kutentha, fumbi, madzi ndi kukhala osagwira ntchito. Zinayi zonsezi kuno kwathu tili nazo zochuluka. Ndifotokoze m'magawo atatu: kuyendetsa, kuimika ndi kukonzetsa.

Pa kayendetsedwe, choyamba dziwani nyali yolembedwa READY. Ikayaka, galimoto yalira, ngakhale simukumva phokoso lililonse. Chete ameneyu ndi woopsa m'makwalala mwathu. Mwana wa ku Chinsapo kapena ku Mgona anazolowera kumva galimoto ndi makutu, ndipo hybrid ikamabwerera m'mbuyo samaimva. Musanatuluke pa geti zungulirani galimoto, muone ngati palibe mwana kumbuyo. Pakati pa anthu oyenda pansi ndi a kabaza, imbani hutala msanga.

Chachiwiri, pondani moto ndi mabuleki mofatsa. Mukaona roundabout patsogolo, yambani kuchepetsa liwiro muli patali, pakuti mabuleki ofatsa ndi amene amadzaza batire. Mabuleki adzidzidzi amangotentha zitsulo, mphamvu n'kutayika. Phindu la hybrid limaoneka kwambiri m'tauni, poima ndi kunyamuka. Pa M1 popita ku Blantyre injini imalira pafupifupi njira yonse, choncho musadabwe mafuta akamatha msangako.

Chachitatu ndi magiya. Giya ya B ndi ya pa mtsetse wautali, monga potsika Khwekhwelere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti. Imagwiritsa injini kuti igwire galimoto, mabuleki asapse. M'tauni yendani pa D. Giya ya N ndiyo ndikuchenjezeni nayo. Ambiri tinazolowera kuika pa N potsika kapena podikira, poganiza kuti tikusunga mafuta. Pa hybrid ya Toyota, batire silitchajidwa galimoto ili pa N. Mukakhala pa mzere wa mafuta maola awiri, wailesi ikulira, ikani pa P. Pamenepo injini idzidzuka yokha batire likatsika, n'kuzimanso.

Chachinayi, musalole petulo kutheratu. Ena amati, "Akatha ndiyendera magetsi." Batire limeneli silingakufikitseni patali, kilomita imodzi kapena awiri basi. Komanso ndi lomwelo limene limaliza injini. Mukalikama mpaka kuuma, ngakhale mutathira petulo galimoto singalire, ndipo kulidzutsa kumafuna makina apadera. Kukankha monga tinkachitira ndi galimoto za madala athu sikuthandiza, hybrid siilira ndi kukankha. Ndipo ikafa panjira musaikoke ndi chingwe matayala akutsogolo akugudubuzika pansi, chifukwa amazunguza mota n'kupanga magetsi amene angaononge zipangizo. Ikwezeni pa lole.

Chachisanu ndi madzi ndi katundu. Amene tinakulira kuno tikukumbuka madzi osefukira a mu Disembala 2017 amene anavutitsa anthu ku Chipasula, Kaliyeka ndi Kawale. Aqua ndi yaifupi, pansi pake pamatalika masentimita 14 okha kuchokera pa msewu, ndipo batire lili pansi pa mpando. Mukaona madzi akuthamanga pa mlatho, imani mudikire, ngakhale minibasi yadutsa. Madzi akalowa m'kati mpaka kufika pa mipando, musayese kuiliza. Za katundu, ndikudziwa kuti tonse tili ndi minda kumudzi. Matumba a chimanga kapena a feteleza pa mpando wakumbuyo amatseka kazenera kaja, amathira fumbi m'kafani, ndipo amakhalitsa galimoto pansi mpaka kumakhula pa mahampu. Pezani pikapu.

Ndifike pa kaimikidwe. Mukaima, ikani pa P, mangani handibuleki, dinani batani la POWER, ndipo muonetsetse kuti READY yazima. Popeza galimotoyi siimveka, n'kosavuta kutuluka n'kuisiya ili moyo. Ikatero injini imadzuka yokha usiku, ndipo ngati ili m'galaja yotseka yogundana ndi chipinda chogona, utsi wake ungaphe anthu ali m'tulo. Ku mayiko a anzathu zoterezi zachitikapo.

Funani mthunzi. Galimoto ikakhala padzuwa tsiku lonse mu Okutobala, m'kati mumatentha ngati uvuni, ndipo mpweya umenewo ndi umene kafani kamapopera pa batire. Pansi pa mtengo kapena pa kashedi ka malata ndi pabwino. Ngati mthunzi palibe, tchingani galasi lakutsogolo, ndipo ponyamuka tsegulani mawindo kuti mpweya wotentha utuluke. AC musamaiope, pakuti ikaziziritsa inu yaziziritsanso batire. Musaimike pafupi ndi pamene mwasunga chimanga. Makoswe akalowa amadya mawaya, ndipo kufufuza waya woduka m'galimoto yotere ndi ntchito yodula.

Anzanga a m'boma, ife timachoka kawirikawiri, mwina kusukulu kunja miyezi itatu. Hybrid ili ndi mabatire awiri: lalikulu lija ndi laling'ono la mavolti 12. Laling'onoli ndi limene limadzutsa makompyuta, ndipo likafa galimoto yonse imangoti zii. Ndi limene limayamba kutha galimoto ikangokhala. M'chaka cha 2020, anthu atatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid-19, a Toyota ku Britain analangiza eni hybrid kuti aziika galimoto pa READY kwa mphindi 60 kamodzi pa sabata. Musiyireni munthu wodalirika kiyi kuti azichita zimenezi, galimoto ili pa P ndiponso panja. Kumbukiraninso kuti petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, amene dziko lino linayamba kupanga ku Dwangwa m'chaka cha 1982. Ethanol amakoka chinyontho, motero petulo wokhalitsa miyezi yambiri m'thanki si wabwino. Batire laling'ono likafa mukhoza kulumikiza ku galimoto ina, koma onetsetsani kawiri kuti mawaya simunawatembenuze. Kulakwitsa pamenepo kungaotche zipangizo zodula.

Pomaliza, kukonzetsa. Injini ya hybrid ndi injini ndithu, imafuna oilo. Aqua ndi Prius ya 2009 kupita m'tsogolo zimafuna oilo wopyapyala monga wa 0W-20, osati wolimba uja wa m'malole. Ndi fumbi lathuli ine ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse, pamodzi ndi sefa yake, ndipo sefa ya mpweya ndimaiona nthawi yomweyo. Kafani ka batire ndimakatsukitsa kamodzi pa chaka, chilimwe chikamatha, ndipo kazenera kake ndimakapukuta mwezi ndi mwezi. Ntchito imeneyi ndi yotchipa kuposa kuthira thanki imodzi, koma ndi imene ikanandipulumutsa.

Mukatsegula boneti mupeza timabotolo tiwiri ta madzi oziziritsa, kena ka injini, kena ka inverter, chipangizo chimene chimasintha magetsi a batire kuti ayendetse mota. Tonse timafuna madzi ake apinki aja, osati a pampopi. AC nayo ili ndi kompuresa yamagetsi imene imafuna oilo wakewake wotchedwa ND-11. Munthu wothira gasi m'mbali mwa msewu akaikamo oilo wamba, mungataye kompuresa yonse. Mabuleki amakhalitsa chifukwa mota imagwira ntchito yambiri, koma powakonza batire laling'ono liyambe lachotsedwa, pakuti pampu yake imatha kudzuka yokha. Matayala akhale ndi mpweya wokwanira monga zalembedwera pa chitseko cha dalaivala. Amene muli ndi Honda Fit ya hybrid, dziwani kuti mapangidwe ake ndi osiyana ndi a Toyota, makamaka giyabokosi ya zimene zinatuluka kuyambira 2013, kotero funsani oilo woyenera musanathire.

Tsopano mawaya a olenji. Aphunzitsi athu a sayansi anatiuza kuti magetsi alibe chibale. Batire la Aqua lili ndi mavolti 144, la Prius ya 2009 lili ndi 201.6, ndipo Prius imeneyo imawakweza mpaka 650 popita ku mota. M'nyumba mwathu timaopa 230. Waya aliyense wa olenji musamukhudze, ndipo musalole mnyamata wophunzira ntchito kumukhudza. Ku Biwi ndi kwina konse m'tauni muno kuli amakaniko aluso amene atisungira galimoto zathu zaka zambiri, koma si onse amene anaphunzira za hybrid. Musachite manyazi kufunsa mafunso atatu: kodi muli ndi kompyuta yopimira, kodi muli ndi magolovesi a magetsi, kodi mumayamba mwazula pulagi yachitetezo musanagwire batire? Safunsa anadya phula. Mafunso amenewa akuteteza ndalama zanu, komanso moyo wa makanikoyo.

Kwa amene mukufuna kugula, kumbukirani kuti Aqua ya 2012 yapitirira zaka 10, ndipo ngati batire silinasinthidwepo, nalonso ndi la zaka zomwezo. M'kati mwake muli timabatire 20, m'la Prius muli 28. Kompyuta imaonetsa ngati tikufanana mphamvu kapena ena afooka. Ipimitseni musanapereke ndalama. Wina akakuuzani kuti angosintha kamodzi kofooka, dziwani kuti ndi chigamba pa nsalu yakutha, chimakupatsani miyezi yoti musonkhe ndalama basi. Ine masiku ano gawo la ndalama imene ndimapulumutsa pa mafuta ndimaika padera mwezi uliwonse, kudikira tsiku limene batire lidzafune lina.

A Pampando, ndili ndi pempho limodzi. Galimoto zimenezi zikuchuluka kuposa anthu odziwa kuzikonza. Pamene tikukambirana za thumba lothandiza ana a pasukulu pano, tiganizireko mnyamata kapena mtsikana wokonda sayansi amene angapite ku Lilongwe Technical College kukaphunzira za galimoto ndi magetsi ake. Ntchito yomudikira ilipo, ndipo oyamba kumufuna ndife tomwe.

Tikatuluka muno, amene muli ndi hybrid tipite limodzi panja ndikakusonyezeni kazenera kaja.