Milungu ya Agiriki ndi Mkazi wa Chisumphi

Ndakondwa kukuonani nonse kuno ku Chinsapo masana ano. Mvula yachedwa, ndipo pobwera ndaona kuti ambiri maso ali kumwamba. Nkhani ya leroyi ikhudzanso mvula, koma iyambira kutali.

Sabata yatha mayi wina wa m'kalasi muno adandifunsa kuti: "Aphunzitsi, powerenga Machitidwe a Atumwi mutu 14 ndapeza maina awiri achilendo, Zeus ndi Hermes. Kodi amenewa ndani?" Ndidalonjeza kuti ndidzayankha pamaso pa onse, chifukwa funso la munthu mmodzi limakhala la anthu khumi amene achita manyazi.

Pa mutu umenewo Paulo adachiritsa munthu wopunduka mu mzinda wa Lystra. Anthu ataona zimenezi adaganiza kuti milungu yawo yatsika. Barnaba adamutcha Zeus. Paulo adamutcha Hermes, chifukwa ndiye ankayankhula kwambiri. Maina amenewa ndi a milungu ya Agiriki, anthu a dziko la Greece ku Ulaya. Milungu yawo idali yambiri, ndipo yonse idali pachibale. Lidali banja limodzi lalikulu, koma banja lake la ndewu.

Munthu wina dzina lake Hesiod adalemba mbiri ya banjali zaka pafupifupi 700 Yesu asanabadwe. Iye adati kalekale padali Gaia, ndiye dziko lapansi, ndi mwamuna wake Ouranos, ndiye thambo. Ouranos ankadana ndi ana ake. Tsono mwana wake wotsiriza, Kronos, adamuvulaza ndi chikwakwa namulanda ufumu.

Kronos adakwatira mlongo wake Rhea. Koma mtima wake sudakhale pansi. Adamva kuti nayenso adzalandidwa ufumu ndi mwana wake. Choncho mwana akangobadwa, iye ankamumeza. Adameza ana asanu: Hestia, Demeter, Hera, Hades ndi Poseidon. Amayi, taganizani kuchira kasanu konse koma kumbuyo kulibe mwana! Pobadwa wachisanu ndi chimodzi, Rhea adachenjera. Adakulunga mwala m'nsalu napatsa mwamuna wake. Kronos adameza mwalawo osayang'ana. Khandalo adakalibisa m'phanga pa chilumba cha Crete. Mwana ameneyo ndiye Zeus.

Zeus atakula adamusanzitsa bambo wake, ndipo abale ake onse adatuluka amoyo. Padabuka nkhondo ya zaka khumi, ana napambana. Kenaka amuna atatuwo adachita maere pogawana chuma chamasiye. Zeus adatenga kumwamba, mvula ndi mphenzi. Poseidon adatenga nyanja. Hades adatenga dziko la akufa, pansi pa nthaka.

Agiriki ankati likulu la milunguyi lili pa phiri la Olympus. Phirili lilipodi. Kutalika kwake ndi mamita oposa 2,900 pang'ono, ndiye kuti Sapitwa wathu wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, akuliposa. Anthu adafika pansonga pake m'chaka cha 1913, napeza miyala yokhayokha.

Zeus naye adakwatira mlongo wake, Hera. Ndamva ena mukuti "malaulo!" Inde, kwathu kuno ndi malaulo. Ndipo sizidathere pomwepo. Zeus adali ndi zibwenzi zosawerengeka. Apollo ndi Artemis, ana amapasa, adabereka mwa Leto. Hermes uja adabereka mwa Maia, namuika kukhala mthenga wake. Heracles, chiphona champhamvu, adabereka mwa munthu wamba, mkazi wa mwini. Hera ankapsa mtima, koma mkwiyo wake wambiri unkagwera akaziwo ndi ana awo. Mwamunayo ankangopitiriza. Ine ndikawerenga zimenezi sindiona zakumwamba ayi. Ndimaona milandu yomwe timamva pabwalo la amfumu.

Koma nthano imene ndikufuna muisunge ndi ya Demeter, mwini tirigu ndi zokolola zonse. Iyeyu adali ndi mwana wamkazi, Persephone, amene bambo wake adalinso Zeus yemweyo. Hades adamufuna mtsikanayo. Adakapempha kwa Zeus, ndipo Zeus adalola. Mayi wake sadamufunse. Tsiku lina mtsikana akuthyola maluwa kudambo, nthaka idang'ambika. Hades adatuluka, namugwira, nalowa naye pansi.

Tawerengani chibale chake bwino. Hades adali mlongo wake wa Demeter. Kwa ife Achewa ameneyo ndi malume, mwini mbumba, woyenera kuteteza mwanayo. Ndiye amene adamuba. Ndipo mukudziwa kuti kwathu mkazi sapita ku chitengwa akuchikazi osavomera.

Demeter adafunafuna mwana wake masiku asanu ndi anayi, osadya, osasamba. Atamva zoona zake adachoka pakati pa milungu inzake. Adakakhala ku Eleusis, mudzi wa pafupi ndi Athens, ndipo adatseka nthaka. Anthu ankalima, ankafesa, koma mbewu sizinkamera. Chaka chonse kudali njala. Zeus adayamba kuda nkhawa. Musaganize kuti adamvera anthu chisoni. Adaona kuti anthu akatha, palibe amene adzapereke nsembe kwa milungu. Adatuma milungu ina kukapepesa ndi mphatso, koma mayiyo adakana. Adati sadzatsekula nthaka mpaka ataona nkhope ya mwana wake.

Pamenepo Zeus adatuma Hermes kwa Hades, monga nkhoswe. Hades adavomera kumubweza mkaziyo, koma mwamseri adamudyetsa njere ya chipatso cha makangaza. Lamulo lidali lakuti wodya chakudya cha kwa akufa sangachokeko kotheratu. Motero adagwirizana kuti pa chaka Persephone azikhala miyezi inayi kwa mwamuna wake, miyezi yotsalayo kwa amake. Akakhala pansi, minda imauma. Akabwera, dziko limabiriwira.

Ku Greece amafesa tirigu cha m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, nthawi imene ifenso timakhala tikudikira mvula yobzalira. Pa nyengo yofesayo akazi okwatiwa a ku Athens ankachoka m'nyumba zawo masiku atatu kukachita mwambo wa Demeter. Amuna sankaloledwa kufikako.

Tsono tibwerere kwathu. Mukaima pamalo okwera kuno kunja kutayera, mumaona mapiri a Dzalanyama. Kumeneko ndi kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera. Kumenekonso kuli Kaphirintiwa, kumene makolo amati anthu oyamba ndi nyama adatsikira ndi mvula, nasiya mapazi pa thanthwe lisanaume. M'tsinde mwa mapiri omwewo, m'boma lathu lomwe lino, muli malo otchedwa Msinja. Pamenepo padali kachisi wamkulu wa mvula wa Achewa.

Makolo athu ankati Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi. Maina ndi ambiri, koma musawawerenge monga tawerengera ana a Kronos. Sadali abale asanu olimbirana ufumu. Adali maina a Mmodzi, monga mayi mmodzi amatchedwa dzina la kubadwa, dzina la mfunda ndi dzina la mwana wake. Akagunda kumwamba ankati Mphambe. Akakumbukira kulenga ankati Namalenga.

Komabe ukwati udalipo. Ku Msinja kunkakhala mayi wa mfunda wa Banda wotchedwa Makewana, kutanthauza mayi wa ana onse. Iyeyu ankatchedwa mkazi wa Chisumphi, ndipo sankakwatiwa monga akazi ena. Ankati Chisumphi amamuyendera kudzera mwa njoka yotchedwa Thunga. Pa miyambo ina mwamuna wa mfunda wa Mbewe, wa udindo wa Kamundi, ndiye ankaimira njokayo. Makewana sankameta tsitsi, poopa kuti akameta ndiye wadula mvula. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano. Padalinso ng'oma yopatulika, Mbiriwiri, imene ankaimba poitana anthu ku nsembe. Kukachita chilala, mafumu ankatumiza mphatso ku Msinja. Nsalu ndi ziweto za nsembe ya mvula zinkakhala zakuda, ngati mitambo imene ankapempha.

Anzathu ochokera ku Nsanje akudziwa za Mbona wa ku Khulubvi. Iye adali munthu wodziwa kuitana mvula, ndipo adani ake adamupha namudula mutu. Mzimu wake nawo unkapatsidwa mkazi, wa udindo wa Salima, amene ankakhala m'nkhalango yopatulikayo ndi kumva mauthenga ake.

Mwaona kufanana kwake. Agiriki ndi makolo athu onse ankamanga mvula ndi chakudya pa ukwati, ndipo onse adaika mayi pakati pa nkhani ya mbewu. Koma pali kusiyana kumene ine ndimakuona kukhala kwakukulu. M'nthano ya Demeter anthu adafa ndi njala popanda kulakwa. Yolakwa idali milungu, anthu adangolipira mlandu wa eni. Kwathu mvula ikakana, akuluakulu sankanena kuti Chauta wayambana ndi mlongo wake. Ankayang'ana m'mudzi. Kodi ndani waswa mwambo? Ndani wakhetsa mwazi? Kodi mizimu taiiwala? Maganizo amenewa adali ndi ubwino wake, chifukwa anthu ankakonza zolakwika pakati pawo. Adalinso ndi kuopsa kwake, pakuti nthawi zina chala chinkaloza munthu wosalakwa, makamaka nkhalamba yopanda woiteteza. Zimenezo sizidatheretu, ndipo mukudziwa.

Agiriki enanso sadakondwe nazo nthano zawozo. Mmodzi wa iwo, Xenophanes, amene adakhala ndi moyo zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe, adadzudzula Hesiod ndi mnzake Homer. Adati awiriwa adaveka milungu makhalidwe amene ngakhale anthu amachita nawo manyazi, monga kuba, chigololo ndi chinyengo. Lero chipembedzo chimenechi chidazilala, koma maina adatsala. Chombo chimene chidafikitsa anthu ku mwezi m'chaka cha 1969 chinkatchedwa Apollo 11. Masewera a Olympic, amene Malawi adayamba kupitako mu 1972, adayambira ku Olympia monga chikondwerero cha Zeus.

Msinja idapasuka ndi nkhondo ya Angoni m'zaka za m'ma 1800. Zina za mbiri yake adalemba ndi a Samuel Ntara m'buku la Mbiri ya Achewa, ndipo mzungu wina, W.H.J. Rangeley, adalembanso za kachisiyu mu 1952. Zambiri zidatsala m'mitu ya agogo. Alipo pano ochokera ku Malingunde ndi midzi ya kufupi ndi Dzalanyama. Mukapita kumudzi kukabzala, mukawafunse akuluakulu zimene adamva za Makewana, ndiponso zimene anthu adachita pa njala ya 1949 mvula itakana. Mukalembe m'kope mwanu monga momwe anenera, ngakhale mizere isanu yokha. Tikadzakumananso tidzawerengerana.