THUMBA LA MAKALA NDI NKHOKWE YATHU



Madzulo ano tiyeni tiganizire pamodzi za thumba la makala. Tonsefe timaliona litaimikidwa m'mbali mwa msewu. Ena a ife ndife tidaotcha makalawo, ambiri a ife ndife tidaphikira nsima. Choncho palibe angati nkhaniyi si yake.

Makolo athu ankadziŵa nthaŵi yobzala poona mitengo ikuphuka. Lero mvula ikuchedwa, ndipo ikayamba imadula chimanga chisanamasule. M'chaka cha 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. M'chaka cha 2024 kudagwa chilala, mwakuti boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Akatswiri akutiuza kuti dziko lapansi likutentha kaamba ka utsi wa mafakitale ndi magalimoto, makamaka m'maiko olemera, komanso kaamba ka kutha kwa mitengo. Kuno kwathu tadzionera tokha m'mene moto ndi macheka zidachepetsera nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndi m'mene nkhwangwa ikudyera nkhalango ya Perekezi.

Atsogoleri sadangokhala chete. M'chaka cha 2015 maiko adapangana ku Paris kuti achepetse utsiwo, ndipo chaka chomwecho Apapa Francis adalemba kalata yotchedwa Laudato Si' yotikumbutsa kusamala chilengedwe. Dziko la Malaŵi lidalonjeza kubwezeretsa mitengo ndi chonde pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndipo m'chaka cha 2020 lidakhwimitsa lamulo la nkhalango, kotero kuti wootcha kapena wogulitsa makala popanda chilolezo amalandira chilango chachikulu.

Lamuloli ndi labwino, koma tinene zoona, abale. Amene limayamba kumgwira ndi bambo wosauka uja wokankha njinga usiku, amene chimanga chidamthera mu Disembala. Akamlanda njingayo, ana ake amagona ndi njala, pamene ife ogula tikuphika mosatekeseka m'tauni. Lamulo palokha silingasunge nkhalango ngati nkhokwe za m'midzi yoizungulira zili zopanda kanthu.

Tikumbuke Yosefe ku Ejipito. Atadziŵa kuti kukubwera zaka zisanu ndi ziŵiri za njala, sadataye nthaŵi ndi kudandaula, koma adasonkhanitsa tirigu zaka za dzinthu zisanathe. Ifenso tachenjezedwa. Nanga tichitenji?

Poyamba, m'munda. Tisadalire chimanga ndi fodya zokha. Tibzalenso chinangwa, mbatata, mtedza, soya ndi nyemba, kuti china chikakanika china chitipulumutse. Mapesi tisaotche, tiphimbire nthaka kuti isunge chinyezi. Mtengo wa msangu tiusiye m'munda, pakuti umayoyola masamba nthaŵi ya dzinja ndi kudyetsa nthaka, feteleza atakwera mtengo chonchi.

Kachiŵiri, pa malonda. Khomo la makala likutsekeka, koma makomo ena akutseguka. Mtengo wodulidwa umapereka thumba kamodzi, koma mtengo wopachikapo mng'oma wa njuchi umapereka uchi chaka ndi chaka. Madimba a m'mbali mwa South Rukuru angathe kutipatsa tomato ndi anyezi wogulitsa ku Jenda, malinga tisalime mpaka m'gombe. Amayi oumba mbaula za chitetezo, zosatha nkhuni zambiri, akupeza ndalama za sukulu. Achinyamata angathe kufesa mbande ndi kugulitsa, m'malo moganiza kuti moyo uli ku Johannesburg kokha.

Kachitatu, inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, tikupempheni chinthu chimodzi. Sabata ino muŵerenge mabanja amene amadyera makala pakati panu. Musaŵaweruze. Khalani nawo pansi, funsani alangizi a zaulimi ndi a CADECOM, ndipo banki m'khonde yanu ibwereke mmodzi wa iwo ndalama zogulira mng'oma kapena mbewu mvula isanagwe.

Mulungu adatiika m'munda uno kuti tiulime ndi kuusunga. Iye atipatse mvula yokwanira, ndiponso mtima woganizira adzukulu athu. Mugone bwino nonsenu.